Siketi ikamayasama kumbuyo m'chiuno, ikonzeni chonchi

Pakhonde pomwe ndimasokera ku Kawale sipatha sabata osabwera mayi ndi siketi m'jumbo, nsalu yabwino, yosokedwanso mwaluso, koma dandaulo lake limakhala limodzimodzi: m'mahipi ikukwana, kutsogolo yagona bwino, koma kumbuyo m'chiuno ikuyasama moti dzanja lonse limalowa. Wina amati akakwera kabaza kuchoka ku Biwi kupita m'tauni amagwira bulauzi ndi dzanja limodzi ulendo wonse kuopa kuonetsa zamkati. Wina anaisiyiratu m'sutikesi, chonsecho nsaluyo inali ya chinkhoswe cha mwana wake. Zimandipweteka mtima chifukwa vutoli limatheka masana amodzi, ndipo aliyense wodziwa kupalasa makina kapena kugwira singano angathe kulikonza yekha.

Muyambe mwamvetsa chomwe chimabweretsa mpatawo. Msana wa munthu suli ngati khoma. Ukafika m'chiuno umalowa mkati, kenako thupi limatulukanso pa mbina. Kwa amayi ambiri kuno kwathu, kusiyana kwa muyezo wa m'chiuno ndi wa m'mahipi kumakhala kwakukulu, mainchesi 12, 14, ena kuposa pamenepo, pomwe mapatani ambiri ogula amajambulidwa poganizira kusiyana kwa mainchesi pafupifupi 10. Chachikulu n'chakuti kusiyanako sikugawikana mofanana kuzungulira thupi. Kwambiri kumakhala kumbuyo. Tsono telala akayeza chiuno, mahipi ndi kutalika basi, n'kugawa kusiyanako mofanana kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, siketi imatuluka yolondola pa tepi koma yolakwika pathupi. Nsalu imakwera kuchoka pa mbina n'kupitirira chowongoka, msana n'kuithawa.

N'chifukwa chake ndimakana kubweza siketi yotere m'mbali. Ambiri amathamangira komweko poti n'kosavuta, koma mukabweza m'mbali mumachotsanso nsalu yakutsogolo yomwe inalibe mlandu. Pamimba pamayamba kuthina, matumba ngati alipo amatseguka, misoko ya m'mbali imakhota, ndipo mpata uja umangochepa pang'ono osatha. Pomwe pakuyasamapo ndi pomwe pakufunika ntchito.

Zofunika si zambiri: tepi, choko cha telala kapena kachidutswa ka sopo wotha, mapini, singano yamanja, ulusi wofanana ndi nsalu ndi wina wa mtundu wosiyana, lezala, sizasi, simbi, ndi kachingwe kapena lasitiki wopyapyala wokwana kuzungulira m'chiuno. Zonsezi mumazipeza mumsika waukulu wa Lilongwe kapena m'mashopu a zosokera a m'tauni. Chofunika kuposa zonsezi ndi munthu wachiwiri. Simungadzibaye mapini kumbuyo nokha, chifukwa mukangotembenuka kuti muone, chiuno chimapotoka ndipo muyezo umasokonekera. Itanani achemwali anu kapena aneba.

Siketi ikakhala ya chitenje ndipo sinachapidwepo, ichapeni kaye, iume, muisite. Chitenje chatsopano chimakhala chouma gwa ndipo cha thonje chimabwerera pang'ono chikakumana ndi madzi koyamba. Mukakonza musanachape, muyezo wanu udzasintha pa tsiku loyamba lochapa.

Kuyeza pathupi

Valani siketi bwinobwino, osaitembenuza, ndi zamkati zomwe mumavala nayo. Ngati mumaivala ndi pitikoti kapena mumapisira bulauzi, valani momwemo. Valaninso nsapato zake, chifukwa nsapato ya gogoda imasintha kaimidwe ka munthu ndipo msana umalowa kwambiri. Tsekani zipi, imani momwe mumaimira masiku onse. Musabweze mimba. Ambiri akaona tepi amakoka mpweya n'kuugwira, mapeto ake siketi imadzawathina akadya nsima.

Mnzanu uja aime kumbuyo, ayambe waonetsetsa kuti misoko ya m'mbali ili m'mbali ndithu ndipo kutsogolo kwagona pamimba. Kenako atsine nsalu yonse yotsala pakati penipeni pa msana, pamwamba pa lamba wa siketi, mpaka lambayo agwire thupi mopanda kufinya. Zala ziwiri zizitha kulowa. Abaye pini pomwe zala zake zakumana, ayeze kuchoka pa pini kufika popindikira. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya masamu: nsaluyo ndi yopinda pawiri, choncho ngati tepi yawerenga inchi imodzi, nsalu yofunika kuchotsa ndi mainchesi awiri. Lembani papepala.

Asanachotse pini, ayang'ane zinthu zitatu. Kodi m'munsi mwa lamba muli makwinya opingasa, ngati nsalu yaunjikana pamwamba pa mbina? Kodi mpendero wa m'munsi uli pamzere umodzi kuzungulira, kapena kumbuyo wagwa, kapena wakwera? Kodi pa mbina penipeni nsalu yagona mwamtendere kapena ikukokeka? Makwinya opingasa pansi pa lamba ndi mpendero wogwa kumbuyo zimanena kuti nsalu yatalika pakati pa msana. Mpendero wokwera kumbuyo, misoko ya m'mbali yokokera kumbuyo ndi nsalu yothina pa mbina zimanena zosiyana, kuti nsalu yaperewera, ndipo nkhani imeneyo ndiikamba payokha kutsogoloku. Pomaliza aike kadontho ka choko pomwe mbina yatulukira kwambiri, kumanja ndi kumanzere. Timadontho tiwiriti tidzakuuzani pothera madati, timisoko tosongoka totsika kuchoka m'chiuno.

Kumasula lamba

Vulani, tembenuzani siketi. Masulani lamba mbali yakumbuyo yokha, kupitirira msoko wa m'mbali ndi inchi imodzi uku ndi uku. Kutsogolo musakhudzeko. Musanamasule, ikani chizindikiro cha choko pa lamba pomwe wakumana ndi misoko ya m'mbali, kuti podzabwezera musasochere. Lezala ligwireni mofatsa, muzidula ulusi umodziumodzi uku mukukoka nsalu ziwirizo kuti ulusi uonekere. Chitenje chikachekeka pafupi ndi m'chiuno chimavuta kubisa.

Lamba akangochoka, m'mphepete mwa chiuno mumatanuka msanga chifukwa mumadulidwa mokhota. Pitsanimo msoko umodzi wa makina, kota ya inchi kuchoka m'mphepete, kuti nsalu isatambasuke pamene mukuigwiragwira.

Ngati munaona makwinya opingasa aja, yambani ndi amenewo musanakhudze madati. Valaninso siketi, mangani kachingwe kaja m'chiuno pamwamba pa nsalu, pomwe thupi limapindikira mukawerama chammbali. Mnzanu azikokera nsalu yakumbuyo m'mwamba pansi pa chingwe pang'onopang'ono mpaka makwinya athe ndipo mpendero ulingane ndi wakutsogolo. Ajambule choko motsata chingwe kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Mukaiyala pathebulo mudzaona kuti mzere watsopanowo watsika pakati, kawirikawiri ndi theka la inchi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ukukwera mpaka kukakumana ndi mzere wakale m'mbali. Pindani siketi pakati kuti mbali ziwirizo zifanane, muwongole mzerewo ukhale wokhota bwino wopanda ngodya. Umenewo ndiwo msoko watsopano wa lamba. Nsalu yotsala pamwamba musaidule panopa.

Ndikuti muyambe ndi zimenezi chifukwa mukatsitsa mzere wa m'chiuno, chiuno cha siketi chimakula pang'ono, poti mukutsikira komwe nsalu ndi yotakata. Choncho tsinaninso nsalu pamzere watsopanowo ndi kuyezanso. Nambala yomwe mupeze tsopano ndiyo yogwirira ntchito.

Madati

Mtima wa ntchito yonseyi uli pa madati, timisoko tosongoka tija totsika kuchoka m'chiuno, tomwe timapatsa nsalu yafulati maonekedwe a thupi. Siketi zambiri zowongoka zimakhala ndi madati awiri kumbuyo, limodzi mbali iliyonse.

Tiyerekeze kuti mukuchotsa mainchesi awiri. Dati lililonse lidye inchi imodzi. Poti dati limasokedwa nsalu ili yopinda, mzere watsopano ukhale theka la inchi kuchoka pa msoko wakale, poyezera pa mzere wa m'chiuno. Theka uku, theka uko, ndiye inchi imodzi. Madati awiri, mainchesi awiri. Ikani kadontho pamenepo.

Tsono musangojambula mzere kuchoka pa kadonthoko kupita kunsonga yakale. Dati likanenepa koma osatalika, kunsonga kwake kumatupa ngati kanyanga, ndipo kanthu kameneka kamaoneka patali, makamaka pa nsalu ya mtundu umodzi. Dati lonenepa limafuna kutalikirapo. Kumbuyo kwa siketi ya munthu wamkulu madati amakhala a mainchesi 5 kapena 6, koma wolamula ndi timadontho ta pa mbina tija: nsonga ithere pafupifupi inchi imodzi pamwamba pa kadontho, isafike pomwepo kapena kupitirira. Kwa munthu wa msana wolowa kwambiri, mzere wa dati ndimaukhotetsa pang'ono: mainchesi awiri oyamba kuchoka m'chiuno umatsika pafupifupi chowongoka, kenako n'kumapita kunsonga mochepa pang'onopang'ono, ndipo theka la inchi lomaliza limayenda m'mphepete penipeni mwa popindikira. Mzere wotere umatsata thupi bwino kuposa wa rula.

Pali malire. Dati limodzi likadya kupitirira inchi imodzi ndi theka, kuwerengera ndi zomwe linadya kale, ngakhale mulisite bwanji siligona. Zikafika apo ligaweni, mukhale ndi madati anayi, awiri mbali iliyonse. Lakale lisiyeni kapena liwonjezereni pang'ono, ndipo lachiwiri mulijambule cha kumbali kwake, motalikirana inchi imodzi ndi theka, lofupikirapo ndi theka la inchi kapena inchi imodzi. Ine siketi ya mayi wa mbina yabwino ndimaiika madati anayi kuyambira podula, ndipo sindinaonepo wobwera kudzadandaula. Nsalu imazungulira thupi mofewa, ngati yaumbidwa pomwepo.

Ngati zipi ili m'mbali ndipo pakati pa msana pali msoko wamba, muli ndi mwayi, chifukwa msoko umenewo nawo ungadyeko gawo. Pa mainchesi awiri aja, msoko wapakati ungatenge theka la inchi, kutanthauza kota ya inchi kuchoka pa msoko wakale, kuthera mainchesi anayi kapena asanu m'munsi. Zotsalazo mugawire madati. Zipi ikakhala pakati pa msana ndipo inasokedwa bwino, isiyeni, madati akwanira.

Mawu amodzi pa za maluwa a chitenje. Dati limadya chithunzi, ndipo pa nsalu ya zithunzi zikuluzikulu diso limaona msanga ngati mbali imodzi duwa ladulidwa pakati pomwe mbali ina lili lathunthu. Muli ndi ufulu wosuntha dati latsopano ndi theka la inchi uku kapena uko kuti ligwere pamalo opanda chithunzi, bola mbali zonse ziwiri musunthe mofanana.

Mukajambula, musathamangire ku makina. Sokani ndi singano yamanja ndi ulusi wa mtundu wosiyana uja, misoko italiitali yongogwirizira. Gwirizaninso lamba ndi mapini pamzere watsopano. Valani. Apa musangoima pagalasi: khalani pampando, weramani ngati mukusesa, kwezani mwendo ngati mukukwera minibasi, khalani pamphasa. Chiuno chimakula munthu akakhala pansi, ndipo siketi yokongola poimirira koma yodula mpweya pa mwambo wa maola atatu siinakonzedwe. Ikathina, chepetsani pang'ono dati lililonse. Ikayasamabe, onjezerani. Ulusi wamanja umasomoka mosavuta ndipo susiya mabala, pomwe makina pa chitenje cholimba amasiya timabowo.

Mukakhutira, sokani pa makina. Singano ya nambala 14 imayenda bwino pa chitenje, ya 16 pa jinzi. Yambirani m'chiuno kutsikira kunsonga, ndipo kunsongako musabwerere m'mbuyo ndi makina, chifukwa kubwererako ndi komwe kumapanga kachotupa. Tulukani pansalu pang'onopang'ono, siyani ulusi wautali, mumange mfundo ndi manja. Msoko wakale wa dati uli mkati mwa watsopano, ungathe kukhala, koma ngati ukukoka umasuleni.

Kenako simbi. Dati losasita ndi theka la ntchito. Liyaleni kaye chopinda momwe linasokedwera, mulisite, osafika kunsonga. Kenako tsegulani siketi, muike thaulo lokulunga pansi pake kuti pakhale potukuka ngati thupi, mugonetse madati onse moyang'ana pakati pa msana. Ikani kansalu konyowa pamwamba n'kudinda ndi simbi, osakhwekhwereza. Nthunzi yake imagonetsa nsonga ndiponso imatseka timabowo ta misoko yakale. Magetsi akazima, simbi ya makala imagwira bwino ntchitoyi chifukwa ndi yolemera, kungoti pa nsalu ya poliyesitala kansalu konyowako musakaiwale, ingapse.

Siketi ya layiningi, nsalu yachiwiri yamkati, imafuna kuti zomwe mwachita kunja muchitenso mkati. Pa layiningi simukufunika kusoka madati mpaka pansi. Ingopindani timapindo tating'ono pamalo omwewo, togonera kumbali kuti tisaunjikane ndi madati akunja.

Kubwezera lamba

Lamba tsopano watalika kuposa siketi. Yambani kubaya mapini pa zizindikiro za m'mbali zija, muzipita chapakati, motsata mzere watsopano wa m'chiuno.

Zipi ikakhala pakati pa msana, zotsala zimatulukira kumapeto onse awiri a lamba, inchi imodzi uku, inchi imodzi uko. Chotsani batani kapena kahuku, dulani zotsalazo mosiya malo a msoko, tsekani mapetowo monga analili, mbali imodzi yotulukirako pang'ono kuti ilandire batani. Ngati munatsitsa mzere wa m'chiuno, mutu wa zipi nawo uyenera kufupika. Zipi ya nayiloni imadulika ndi sizasi, koma chonde tsegulani zipi kaye, kokokera kakhale pansi, ndipo musoke ulusi wokulunga kangapo pa mano a mbali iliyonse pamzere watsopano musanadule. Mukadula kokokera kali pamwamba, kapena mukatseka musanaike potsekereza, kamavuka ndipo kukabwezera ndi ntchito yowawa. Ya mano achitsulo imafuna kuzula mano ndi pulayala, apo ayi singano ya makina ithyoka.

Zipi ikakhala m'mbali, tambasulani lamba pakati pa msana, mupinde zotsala mkati, musoke msoko woimirira pamenepo, mudule zotsala, musite motsegula. Lamba akakhala wotakata, mainchesi awiri kapena kuposa, msokowu upendekeke pang'ono, udye kwambiri cha m'mphepete mwa pamwamba. Lamba wotakata wodulidwa chowongoka amayasama pamwamba ngakhale madati ali bwino, chifukwa msana ukupitirirabe kulowa. Ndikasoka siketi yatsopano ya munthu wotere ndimasankha lamba wa inchi imodzi kapena inchi ndi kota.

Sokani lamba, valaninso kamodzi, ndipo pokhapo ndi pomwe mungadule nsalu yotsala pamwamba pa mzere watsopano, mosiya theka la inchi. Pindani lamba, mutseke mkati ndi manja kapena makina, musite.

Lasitiki, ndi siketi yoperewera nsalu

Si siketi iliyonse yofuna madati. Ya makwinya ozungulira m'chiuno, yunifolomu ya mwana wasukulu yemwe akukula, kapena ya mayi yemwe wangobereka kumene ndipo thupi likusinthabe, imakonzeka bwino ndi lasitiki wa kumbuyo kokha. Masulani pang'ono lamba mkati pa misoko iwiri ya m'mbali. Tengani lasitiki wochepera pang'ono m'lifupi mwa lamba. Kutalika kwake kukhale kwa lamba wakumbuyo, kuchotsapo mpata munayeza uja, kuchotsaponso inchi imodzi kuti azikoka. Mulowetseni ndi pini yotseka, mumusoke zolimba kumapeto onse awiri, mutseke. Ngati pakati pali zipi, dulani lasitiki pawiri, chidutswa chilichonse chichoke m'mbali kukathera pafupi ndi zipi. Njirayi ndi yachangu, koma pa siketi yowongoka ya chitenje sindiikonda mpata ukapitirira mainchesi awiri, chifukwa nsalu yolimba imaunjikana pamsana n'kumatukula bulauzi.

Tibwerere ku siketi ija yokwera mpendero kumbuyo ndi kuthina pa mbina. Imeneyo imayasama m'chiuno chifukwa ikulephera kutsika kufika pamalo ake. Mukaibweza m'chiuno musanaipatse malo m'munsi, ingokwera kwambiri. Yang'anani mkati ngati telala anasiya nsalu m'misoko ya m'mbali ndi wapakati. Atelala ambiri kuno amasiya inchi imodzi kapena kuposa, poganizira kuti munthu amanenepa. Masulani misoko ya m'mbali kuchoka m'chiuno kufika cha pantchafu, mutulutse nsalu yakumbuyo yokha, yakutsogolo ikhale pamzere wake wakale. Siketi ikatsika n'kukhala pamalo pake, muyezenso mpata wa m'chiuno, ndipo nthawi zambiri mudzaupeza utasintha. Pamenepo ndiye mupite ku madati. Mpendero wakumbuyo ukakhala wokwerabe, utsitseni kuchokera pa nsalu yopindidwa m'munsi. M'misoko mukakhala mopanda nsalu, chotsala n'kuika kachidutswa m'mbali zonse ziwiri, ndipo apa m'pamene timakumbukira ubwino wofunsa telala zotsala za chitenje chanu potenga zovala.

Mukamadzasoketsa kapena kudula siketi ina, onjezerani miyezo iwiri pa itatu ya masiku onse ija. Mangani chingwe m'chiuno, ikani chizindikiro m'mbali, muyeze chiuno chakumbuyo pachokha kuchoka mbali ina kufika ina, chakutsogolonso pachokha, ndipo muchite chimodzimodzi m'mahipi. Yezaninso kuchoka pa chingwe kufika pansi, kutsogolo, m'mbali ndi pakati pa msana. Mayi wa chiuno cha mainchesi 30 angapezeke ndi 16 kutsogolo ndi 14 kumbuyo, pomwe m'mahipi a 42 kumbuyo kwatenga 23. Lembani manambalawo m'kope lanu la miyezo pafupi ndi dzina lake, ndi kutalika kwa madati omwe anamukhala bwino.